Mundigwirire Makwerero

Magetsi apita, ndipo amenewo sabwera msanga, tiwadziwa. Sendezani mipando kufupi ndi mbaulayi. Mafoniwo lowetsani m'matumba, chifukwa nkhani ndikufuna kukambayi siyenda bwino foni ikuwala m'manja. Inunso akumapetoko lekani kuseka, mudzaseka ndikamaliza ngati kuseka kudzakhalepo.

Kuseri kwa Lunzu, ukadutsa msika n'kutsata msewu wafumbi wolowera kumapiri, kuli nyumba ya njerwa zootcha ya a Kaliwo. Bambo amenewo anali mphunzitsi, munthu woti akayankhula ku sitandade eyiti amamveka mpaka ku chigayo. Chaka china sitiroko inawagwetsa m'bafa. Inawalanda dzanja lamanja, mwendo n'kuusiya wokoka, ndipo pa mawu onse amene anali nawo inawasiyira awiri okha, "eya" ndi "ayi". Akazi awo, mayi Elube, ndiwo anasanduka manja awo ndi pakamwa pawo. Mayi amenewo ndi abwino mtima, ndisawanamizire, koma phuma! Akafuna chinthu amafuna chichitike asanamalize n'kuyankhula komwe.

Mwana wawo ndi mmodzi yekha, Ulemu, namwino ku Ulaya. Iyeyo ndiye anawaikitsira intaneti ya m'nyumba: kambale koyera pamtengo wachitsulo padenga, waya wotsika ndi khoma, ndi kabokosi ka timagetsi pakabati pabalaza. Tsiku lililonse sikisi koloko madzulo Ulemu amaimba pa vidiyo kuti awachititse bambo ake mafizo, zolimbitsa thupi zija za odwala. Amawaikitsa kampira kofewa m'dzanja lakufalo n'kumati, "Finyani, adadi, finyani." Dzanjalo silinkafinya kanthu. Koma mayi Elube ankakhulupirira kuti tsiku limodzi lokha likadumphidwa, amuna awo sadzachiranso.

Tsono intanetiyo inali yachibwana. Mphepo ikangowomba pang'ono, yapita. Khwangwala akatera pakambale, yapita. Kagetsi kapakati pakabokosi kaja, kamene kamayenera kukhala kobiriwira, kamangofiira ngati diso la chidakwa. Ukaimbira kukampani, amakuikira kanyimbo mpaka khutu kutentha, kenako mtsikana wa mawu okoma n'kukupatsa nambala ya dandaulo lako, ati munthu abwera mawa. Mawa lake limenelo limatha sabata.

Ndiye tsiku limene kunabwera wokonza, mayi Elube anachita zimene tonsefe timachita, musanamizire kuti inu simuchita. Anamukokera pambali. "Achimwene, ndipatseni nambala yanu. Za ku ofesi kwanuko zanditopetsa, ndizingoimbira inuyo." Munthuyo dzina lake anali Sipiriyano, bambo wamfupi, wosekaseka, wa ovolosi yabuluu yong'ambika pabondo. Anawapatsa nambalayo. Kuyambira pamenepo kagetsi kakafiira, mayi Elube amangodina pa dzina lake, iye n'kutulukira pa njinga yake yamoto.

Lachitatu lina, mwezi wa Okutobala, dzuwa litatentha tsiku lonse, Sipiriyano anafika mochedwa, komanso yekha. Lamulo lakuntchito kwawo limati padenga azikwera ali awiri, wina pamwamba wina atagwira makwerero, koma uyu anabwera mwamseri chifukwa cha foni ya mayi Elube imene inalira kasanu tsiku limenelo. Makwerero anatenga a pakhomo pomwepo, a mitengo ya bulugamu amene anasiya omanga nyumba. Mwendo umodzi unali waufupi. Anawatsamiritsa kukhoma, pafupi ndi khonde pamene a Kaliwo anakhala pampando wawo, n'kuwagwedeza.

"Mayi, mundigwirire makwerero."

Mayi Elube anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi makumi awiri kuti Ulemu aimbe.

"Iii, achimwene, ine ndikagwira makwerero, nanga timagetsi aone ndani? Kwerani basi, ndizikuuzani pawindo. Si munazolowera inu?"

Sipiriyano anaseka, n'kukwera. Mayi Elube analowa m'nyumba n'kuima pakabati, akukuwa. "Kofiirabe! Kofiirabe! Eya, kabiriwira! Ayi, kafiiranso! Bwezerani momwe munali muja!" Anakuwa choncho mpaka anamva mtengo ukukhwekhwereza pakhoma, kenako khu! ngati thumba la chimanga lagwa pangolo.

Atatuluka anapeza Sipiriyano ali chagada, mutu uli m'mphepete mwa simenti ya khonde. A Kaliwo anali atasendera kunsonga kwa mpando, phewa lamanja likunjenjemera pofuna kutukula dzanja losatukukalo, misozi ili mbwembwembwe. "Ayi," ankatero. "Ayi, ayi."

Koma Sipiriyano anadzuka. Anadzisasa fumbi, akusisita kuseri kwa khutu, ndipo magazi panalibe ngakhale dontho. Anapempha madzi, namwa kapu yonse.

"Musadandaule, mayi, ife timagwa tsiku ndi tsiku. Koma sizinathe bwino pamwambapo. Ndibweranso kudzamaliza."

Analiza njinga yake n'kumapita. M'nyumba kagetsi kanali kobiriwira, foni inayamba kulira, ndipo mayi Elube anathamangira mwana wawo. Makwerero anawagoneka kuseri kwa nyumba mawa lake, nkhani n'kuiiwala.

Patapita masiku anayi kagetsi kanafiiranso. Mayi Elube anadina dzina lija. Foni inaitana nthawi yaitali, kenako inayankhidwa, koma kunkamveka mphepo yokhayokha, ngati munthu waika foni mu mgolo wopanda madzi.

"Halo? A Sipiriyano? Zayambiranso kunotu."

Mawu anabwera chapansipansi, ochokera kutali. "Ndikubwera, mayi."

Tsiku lonse sanaoneke. Dzuwa litafiira, mayi Elube ali kukhitchini, anangomva makwerero akugunda khoma. Kenako phazi pa mtanda woyamba, wachiwiri, mpaka malata anayamba kulira pamwamba. Anadabwa kuti njinga sanaimve, komanso munthu wosekaseka uja walowa pampanda popanda odi. Anakuwa pawindo, "Mwafika, achimwene? Mutu uja uli bwanji?" Sanayankhidwe. Atacheuka, kagetsi kanali kobiriwira.

Anatunga madzi m'kapu n'kutuluka nawo. Makwerero anali chiimire kukhoma. Padenga panalibe munthu, pabwalo panalibe munthu, geti linali lotseka ndi kawaya kake momwe analisiyira. Galu wawo, amene amauwa ngakhale nkhuku ya eni, anali atadzipanikiza pansi pa thandala la mbale, mchira uli pakati pa miyendo, akulira ngati kamwana.

"Koma anthu ena ulemu alibe," anatero mayi Elube. "Kapena wakwiya ndi kugwa kuja."

Pakhonde a Kaliwo anali atatuluka thukuta mpaka malaya kumata. Ndi dzanja lamanzere ankaloza foni imene inali m'manja mwa akazi awo. "Ayi. Ayi."

"Bambo a Ulemu, ayi chiyani? Mwana aimba pompano. Tiyeni m'nyumba."

Kuyambira tsiku limenelo zinthu pakhomopo zinayamba kuyenda mokhota. Mayi Elube amagoneka makwerero kuseri kwa nyumba, m'mawa n'kuwapeza ataima pakhoma, pamalo omwe aja. Anaganiza kuti ndi ana a m'mudzi ofuna mapapaya, nawakalipira, ana osalakwa. Kenako kampira ka mafizo kanasowa. Anasesa nyumba yonse, anasuntha mipando, kampira osaoneka, mpaka anakakapeza katakhazikika pa mtanda woyamba wa makwerero. Kampira kozungulira, pamtengo wozungulira, kosagwa. Patapita masiku awiri inasowa nsapato yamanja ya a Kaliwo. Imeneyo anaipeza pa mtanda wachitatu. Chipewa chawo cha kutchalitchi anachipeza pa wachisanu, moti pochitenga anachita kukolowola ndi ndodo, chifukwa mtima unawakaniza kukwera.

Intaneti nayo inali ndi kachitidwe katsopano. Imagwira masiku atatu kapena anayi, n'kufa. Mayi Elube amaimba, mphepo ija imayankha, "Ndikubwera, mayi," ndipo chisisira chikamagwa makwerero amagunda khoma. Nkhope ya Sipiriyano sanaionenso. Kangapo anathamangira panja kuti amupeze, koma amangopeza malata akumaliza kulira.

Mudzafunsa kuti nanga bwanji sanasiye kuimba? Musafulumire kuweruza. Sanasiye chifukwa dzanja lija linayamba kuchira.

Linayamba ndi chala chamkombaphala. Tsiku lina Ulemu akuti "finyani, adadi," chalacho chinapindika. Ulemu anakuwa kutsidya kwa nyanjako mpaka anzake akuntchito anabwera kudzasuzumira. Mayi Elube anagwada pasimenti n'kuyamba nyimbo yakumvano. Sabata isanathe zala zonse zinkapindika, kenako chigongono, kenako mkono wonse unayamba kunyamuka. Chinthu chimodzi chokha chinkamudabwitsa Ulemu. Kampira akakaika m'dzanjamo, dzanja limakataya. Limanyamuka lokha kufika pa msinkhu wa phewa, zala n'kupindika mosiya mpata pakati, ngati zagwira mtengo woimirira. Ndipo mwini dzanja sankasangalala. Amaliyang'ana ngati njoka yalowa m'malaya, n'kumalikanikizira pansi ndi lamanzere.

"Ndi mantha chabe, amayi," anatero Ulemu. "Odwala ambiri amatero. Chachikulu tisadumphe tsiku."

Lachinayi la sabata yachitatu, ali pakati pa mafizo, Ulemu anasiya kuwerenga.

"Amayi, mwalandira alendo?"

"Ayi, tili awiriwiri."

"Nanga amene waima pawindo kumbuyo kwa adadiyo ndani? Wavala ovolosi. Mutu wake wapendekera mbali imodzi, ngati..."

Chithunzi chinauma pomwepo, Ulemu ali kukamwa yasa. Kagetsi kanafiira. Mayi Elube anatembenuka pang'onopang'ono. Pawindo panali katani yokha, ikugwedera, kunja kulibe mphepo. Tsiku limenelo anatseka mawindo onse dzuwa lisanalowe n'kukhala atagwira dzanja la amuna awo, ndipo dzanjalo linali lozizira ngati lachotsedwa mumtsuko.

M'mawa mwake anakumana ndi mayi Nachuma pampanda. Amenewa ndi oyandikana nawo nyumba, amagulitsa tomato pamsewu, ndipo palibe chodutsa mumsewumo chimene sachiona.

"Anzanga, wokonza intaneti wanu uja njinga anagulitsa?"

"Bwanji?"

"Ndakumana naye katatu tsopano, madzulo, akubwera wapansi. Ndimapereka moni, iye zii. Dzana mbuzi za a Gwaza zinali pamsewu, zitangomuona zinabalalika ngati zaona fisi. Ndipo anzanga, ine ndimamuona akubwera kokha. Akubwerera sindinamuonepo."

Mayi Elube anaseka mokakamiza. Analowa m'nyumba. Kagetsi kanali kofiirabe, ndipo sikisi koloko ya tsiku limenelo inali ikubwera ngati masiku onse. Anayang'ana foni, anayang'ana amuna awo. A Kaliwo anapukusa mutu, "ayi, ayi," koma mayi Elube anati mumtima, ndingomufunsa kuti vuto lake n'chiyani, ngati n'kupepesa ndipepese. Anadina.

Ulendo uno foni sinaitane n'komwe. Mphepo ija inali kale pamenepo, ngati imadikira.

"A Sipiriyano, ndimati..."

"Ndibwera dzuwa likamalowa, mayi. Lero timaliza."

"Chabwino, koma mukafika mugogode, tionane. Ndikufuna..."

"Inu khalani pa timagetsi. Andigwirira ndi bambo aja. Anafuna kundigwirira tsiku lija, dzanja ndi limene linawakaniza. Pano lakwana." Mphepo inapuma pang'ono. "Akagwira, tikwerera limodzi."

Foni inaduka.

Apa ndiye mantha anawagwira zenizeni mayi Elube. Sanafune kuganiza chimene ankaganiza. Anadziuza kuti munthuyu mutu unasokonekera ndi kugwa kuja, ndipo chofunika n'kupita ku ofesi kwawo kukanena kuti asabwerenso, atumize wina. Anawasambitsa a Kaliwo, anawadyetsa, anawakhazika pabalaza, n'kupempha mayi Nachuma kuti awakhalire. "Musawasiye okha, chonde. Ndipo wina aliyense akabwera, geti musatsegule." Makwerero anawagoneka, n'kuwapsinja ndi njerwa zinayi.

Ku ofesi ya kampaniyo m'tauni anapeza mzere wofika pakhomo, onse odandaula. Anthu anatukwana, ena anatopa n'kumapita. Pamene mayi Elube ankakhala pamaso pa mtsikana wa pakauntala, nthawi inali itadutsa fili koloko.

"Mwanawe, ndabwera kudzanena za wantchito wanu. Asabwerenso kwathu. Mutumize wina."

"Dzina lake ndani, amayi?"

"Sipiriyano."

Zala za mtsikanayo zinaima pa kompyuta. Anayang'ana mnzake wa pambali, mnzakeyo n'kuyang'ana pansi.

"Amayi, mwina mwasokoneza dzina. A Sipiriyano anatisiya. Tinakaika ku Ntcheu, masabata atatu apitawo."

"Ayi, si ameneyo. Ine ndayankhula naye lero m'mawa."

"Anali mmodzi yekha kuno. Akuti anafika kunyumba Lachitatu madzulo, anauza akazi awo kuti agwa pamakwerero kwa kasitomala wina, anadya, n'kukagona. Sanadzukenso. Achipatala anati magazi anakhera m'mutu." Mtsikanayo anatsitsa mawu. "Nyumba ya kasitomalayo sanaitchule. Mabwana anafufuza, koma tsiku limenelo m'buku la ntchito munalibe ulendo wa madzulo."

Mayi Elube anatulutsa foni n'kumuonetsa nambala ija ndi mndandanda wa masiku onse amene anaimba. Lero, mphindi imodzi ndi theka. Mtsikanayo anaiwerenga, n'kukoka kabati ya patebulo lake. M'menemo munali foni yakuda yosweka galasi, batire lake lili pambali, zomangidwa pamodzi ndi labala.

"Nambala imeneyo ndi ya foni iyi, amayi. Ndi yakuntchito. Akazi awo anabweza tsiku la maliro." Anawayang'ana mayi Elube nthawi yaitali. "Amayi, kodi inu mumakhala kuti?"

Mayi Elube anaimirira. Anatuluka akuthamanga, chitenje chili m'manja.

Inu mukuidziwa minibasi ukakhala pachangu. Inaima pa siteji kudikira kudzaza, kondakitala akukuwa "Lunzu awiri! Lunzu awiri!" pamene mipando yopanda anthu ili isanu. Inaima ku Chirimba kutsitsa matumba a makala. Pa Kameza panali mzere wa magalimoto. Mayi Elube ankaimbira mayi Nachuma, foni osayankhidwa. Ankangoyang'ana dzuwa pawindo likutsetsereka, likufiira, ndipo ankapemphera mokweza moti mayi amene anakhala nawo pafupi anasendera uko. Atatsika pa Lunzu anakwera kabaza wa njinga yamoto, koma atafika pa mtengo wa mbawa, pamene nyumba imayamba kuonekera, njingayo inazima yokha. Woyendetsa anaipondaponda, osalira. Mayi Elube anavula nsapato n'kuthamanga.

Mayi Nachuma anali kunja kwa geti, atagwira kumutu.

"Anzanga, ndikhululukireni! Ndinangopita kukaphula nyemba, mphindi ziwiri zokha. Pobwera ndapeza chitseko chili pululu, mpando uli wokha. Ndiye padengapo... ine sindingalowe, anzanga."

Pamwamba malata ankalira, phazi limodzi, kenako linzake, mosafulumira.

Mayi Elube anazungulira nyumba. Njerwa zinayi zija zinali zitasanjidwa bwinobwino pambali. Makwerero anali ataima pakhoma. Ndipo a Kaliwo, munthu amene kwa chaka chathunthu sanaimepo popanda womugwira, anali chiimire pabwalo, opanda ndodo. Mwendo wokoka uja unkakhwekhwereza m'fumbi kulowera ku makwerero. Mkono wamanja unali utatambasuka kutsogolo, zala zitatseguka, ndipo thupi lonse linkautsatira ngati mbuzi yokokedwa pachingwe. Nkhope yokha ndi imene inali yawo. Inatembenukira kwa akazi awo, yonyowa ndi misozi.

"Ayi," anatero. "Ayi."

Pakati pa zala zawo ndi mtengo wa makwerero panatsala mpata wosakwana chikhatho. Makwererowo anali atapindika pakati, mmene amachitira akasenza munthu. Mayi Elube anakweza maso pang'ono pokha. Anaona zidendene za majombo pa mtanda wapamwamba, ndi nsalu yabuluu yong'ambika. Kupitirira apo sanayang'ane, ndipo mpaka lero amati anachita bwino.

Anadzilowetsa pakati. Anawakankha amuna awo ndi msana, n'kugwira makwerero ndi manja onse awiri. Mtengowo unali wozizira ngati chitsulo cha mjigo m'mwezi wa Juni. Kumsana kwawo ankamva dzanja la amuna awo likukanda, likufunafuna podutsira, lamphamvu kuposa mmene linalili asanadwale.

"A Sipiriyano!" anaitana mayi Elube. "Ndine. Munapempha ine, simunapemphe iwowa. Ndagwira. Tsikani."

Malata anasiya kulira. Kunangoti zii, ngakhale nkhululu zinaleka. Kenako mawu aja, amene anazolowera kuwamva pafoni, anachokera pamwamba pa mutu wawo penipeni.

"Kafiira kapena kabiriwira?"

Windo la pabalaza linali pambali pawo, katani itatseguka pang'ono. Kagetsi kankaoneka pakabati, kofiira. Ndipo pampando foni ya m'nyumba, imene Ulemu ankaimbapo, inali duu, yosalira, pamene kutsidya kwa nyanja mwana anali atayamba kale kuyesa kuimba. Bodza linafika pamlomo, loti kabiriwira, kuti munthuyu azipita. Koma anaona kuti wakufa sanamizidwa, adzabweranso kudzaona yekha.

"Kafiira," anatero. "Kasiyeni kafiire. Sindikufunanso. Ndinakulakwirani, achimwene. Munandipempha kanthu kakang'ono, ine n'kuona kagetsi kukhala kofunika kuposa inu. Munasiya akazi anu ndi ana chifukwa cha phuma langa. Pepani. Ntchito yatha, tsikani, ndagwira zolimba."

Kenako mtanda wapamwamba unalira.

Mayi Elube anatseka maso. Anamva kulemera kukutsika, mtanda umodzi, kupuma, mtanda wina. Mwendo waufupi uja unayamba kugwedera, makwerero akufuna kutsetsereka kulowera kukhonde monga tsiku lija, ndipo mayi Elube anaponda mwendowo ndi phazi losavala, anakanikiza ndi chifuwa, tizibenthu ta bulugamu tikulowa m'manja. Sanasiye. Kulemera kuja kunafika pa mtanda wa pamphumi pawo. Kunabwera fungo la dothi lofukulidwa kumene, lonyowa, m'mwezi umene mvula inali isanagwe ngakhale kamodzi. Chinthu chozizira chinadutsa pakati pa mikono yawo, chikukhudza tsaya, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akusamala kuti asakuponde. Mtanda wachitatu. Wachiwiri. Woyamba.

Makwerero anapepuka.

"Mwagwira bwino, mayi," anatero mawu aja, pafupi ndi khutu.

Majombo anayenda pamiyala ya pabwalo kulowera kugeti. Mayi Nachuma amalumbira kuti geti silinatseguke, koma anamva mphepo yozizira ikuwadutsa, ndipo kwa nthawi yoyamba mapazi aja ankaloza kumsewu.

Kumbuyo kwa mayi Elube kunamveka phu! A Kaliwo anali atakhala pansi m'fumbi. Mkono uja unali lende pambali pawo, wakufa ngati kale. Mayi Elube anagwada, anaunyamula, n'kuusiya. Unagwa. Anaunyamulanso, unagwanso.

"Bambo a Ulemu, muli bwino?"

A Kaliwo anapuma kaye, kenako anati, "Eya."

Sabata yotsatira mayi Elube anakwera basi ya ku Ntcheu, ndipo anakagwada pamaso pa mkazi wa malemuyo n'kunena zonse, kuti nyumba imene sinatchulidwe ija ndi yawo. Zimene anayankhidwa kumeneko sanauzepo munthu. Atabwerako makwerero anawawaza n'kuwatentha. Kambale kaja kakadali padenga mpaka lero, kachita dzimbiri, chifukwa palibe amene amalola kukwerapo kukakachotsa.

Ulemu masiku ano amaimba pafoni wamba, mawu okhaokha. Sanamvetse chifukwa chimene amayi ake anakanira intaneti, ndipo amadandaula kuti dzanja linali litayamba bwino, likanachira. Amafunsa tsiku lililonse, "Amayi, silikugwederako ngakhale chala?" Amayi ake amati ayi, iye n'kuusa moyo.

Chimene Ulemu sadziwa n'chakuti ikamakwana sikisi koloko, dzuwa likamafiira kumapiri, mayi Elube amatseka mawindo n'kukhala pafupi ndi amuna awo. Amatenga dzanja lamanja lija, amalitukula kufika pa phewa, n'kulisiya. Kamphindi kameneko onse awiri sapuma. Likagwera pamwendo, lofooka, lopanda ntchito, mayi Elube amalipsompsona n'kunena kuti, "Zikomo Ambuye."